Ophunzira anu akumane ndi mwana asanakumane ndi mayeso

Mphunzitsi wina amene wangoyamba kumene kuphunzitsa saikoloje (maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu) pa koleji wandilembera imelo. Akuti ophunzira ake amaloweza magawo anayi a kakulidwe ka maganizo a mwana amene Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland, anafotokoza, mayeso amakhoza, koma ukawafunsa za mwana weniweni amangoti kakasi. Akufunsa kuti atani.

Aphunzitsi, bolodi lisiyeni kaye. Pemphani chilolezo kwa makolo ndi alezi pa sukulu ya mkombaphala yapafupi, mupite nawo ophunzirawo. Thirani madzi ofanana m'matambula awiri ofanana, mwana wa zaka 4 avomere kuti ndi ofananadi. Iye akuyang'ana, tsanulirani madzi a tambula imodzi m'botolo lalitali, lowonda. Mufunseni komwe kuli madzi ambiri. Ana ambiri a msinkhu umenewu amaloza botololo molimba mtima, osakayika n'komwe. Wa zaka 7 kapena 8 amakuyang'anani modabwa n'kunena kuti madzi ndi omwe aja. Wophunzira amene waona kachala kakuloza botolo sadzafunanso kuloweza.

Koma musathere pa Piaget, ndipo apa ndi pamene mtima wanga uli. Ana ambiri amene iye ankawayesa anali a ku Geneva, ku Switzerland. Mu 1979 katswiri wina wa saikoloje, Robert Serpell, anafalitsa kafukufuku wofananitsa ana a ku Zambia ndi a ku England pa ntchito yokopera maonekedwe a zinthu. Pa pepala ndi pensulo, a ku England anapambana. Atapatsidwa mawaya, a ku Zambia, ozolowera kupinda galimoto zamawaya, ndiwo anatsogola. Pa dongo anafanana. Ndiye mayeso akuyeza nzeru, kapena akuyeza chimene manja a mwanayo anazolowera?

Serpell yemweyo anachezanso ndi akuluakulu a mtundu wa Achewa ku Katete, ku Zambia, za mwana wanzeru. Kwa iwo kuchenjera pakokha sikunali kokwanira. Mwana wanzeru ndi wotumikira, amene ukamutuma mtima umakhala m'malo. Ophunzira anu ambiri anakulira m'maganizo amenewa, koma sanauzidwepo kuti nawonso ndi saikoloje.

Ntchito ya sabata yoyamba ikhale iyi: aliyense akhale pansi mphindi 30 kuonerera ana akusewera masanje, alembe zimene waona ndi kumva zokha, osatchula dzina la mwana. Mawu ngati "wamwano" kapena "wogona" muwadule ndi cholembera chofiira, muwafunse kuti mwanayo anachita chiyani kwenikweni.