Bambo akumva zonse, koma mawu sakutuluka

Funso: Adokotala, bambo anga anadwala sitiroko mwezi wathawu. Dzanja lamanja linafa, mwendo amachita kukoka, ndipo akafuna kuyankhula amangoti "ndi... ndi...", kenako misozi. Koma nyimbo amayimba bwinobwino! Kuchipatala akuti vuto lili kumanzere kwa ubongo. Kodi sanasokoneze, poti mbali yofayo ndi yakumanja? — Mwana wodandaula

Yankho: Pepani ndi matendawa. Sanasokoneze ayi. Mitsempha yotumiza uthenga ku minofu imapingasana m'munsi mwa ubongo isanatsikire kumsana, choncho mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo imayendetsa dzanja ndi mwendo wakumanja.

Kwa anthu ambiri, mawu amakonzedwanso mbali yomweyo. Mu 1861, dokotala Paul Broca wa ku Paris anali ndi wodwala amene ankamva zomuuza koma ankangobwereza liwu limodzi, "tan". Munthuyo atamwalira, Broca anapeza kuti ubongo wake unawonongeka chakutsogolo, kumanzere. Malo amenewa ayandikana ndi chigawo choyendetsa milomo, lilime ndi dzanja, ndipo onse amadalira mtsempha umodzi wa magazi. Ukatsekeka, zonsezi zimavulala limodzi. Pali malo enanso chakumbuyo, pamwamba pa khutu, amene Carl Wernicke anawafotokoza mu 1874. Amenewo akawonongeka munthu amayankhula mothamanga zopanda mutu, ndipo zomuuza sazimvetsa. Za bambo anu ndi zina.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: nzeru zawo zilipo. Akudziwa zomwe akufuna kunena, n'chifukwa chake akulira. Zimandipweteka ndikaona achibale akukambirana za wodwala wotere iye ali pomwepo, ngati wachoka. Afunseni mafunso oyankha ndi inde kapena ayi, muwadikire, ndipo musawamalizire mawu msanga.

Kuyimbako musakupeputse. Mbali yakumanja ya ubongo imathandiza kwambiri pa nyimbo, ndipo akatswiri ena ophunzitsa odwala kuyankhulanso amayambira pomwepo. Yesani kuyimba nawo timawu ta tsiku ndi tsiku, monga "ndikufuna madzi", mukuwagunda pang'onopang'ono padzanja lamanzere.

Chigawo chomva kukhudza, kutentha ndi ululu chili kuseri kwenikweni kwa choyendetsa minofu, ndiye dzanja lofalo likhoza kupsa iwo osamva. Madzi osamba muziyamba mwawayesa inuyo. Mukadzaona pakamwa papotoka mwadzidzidzi kapena afookanso, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amathandiza m'maola oyambirira okha.