Kodi caffeine angabwezeretse tsitsi langa?

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Tsitsi langa likuthothoka pachipumi ndi m'mbali, ndipo m'mawa ndimadzuka m'munsi mwa maso muli motupa. Ku saluni andilangiza kuti ndigule shampu ndi mafuta okhala ndi caffeine. Kodi n'zothandizadi?

YANKHO: Amayi, caffeine ndi yemweyo amene amapezeka mu tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje komanso mu khofi wa ku Misuku. Akapakidwa pakhungu amachepetsa kukula kwa timitsempha ta magazi, n'chifukwa chake kutupa kwa m'munsi mwa maso kumaphwa kwa maola angapo, kenaka kumabwerera ngati simukugona mokwanira kapena mukudya mchere wambiri. Musanawononge ndalama, yesani kuika timapaketi ta tiyi tonyowa ndi tozizira pazikope kwa mphindi 10 mutatsinzina.

Nkhani ya tsitsi ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa. M'chaka cha 2007, akatswiri a ku Germany anapeza kuti caffeine amalimbikitsa mizu ya tsitsi imene imafooketsedwa ndi mahomoni achimuna, koma anayesa zimenezi pa mizu yochotsedwa pamutu ndi kusungidwa mu labotale. Choncho shampu wotere angathandize pang'ono pa dazi la kumtundu, malinga mumusiye pamutu kwa mphindi ziwiri musanatsukuluze, ngakhale kuti mankhwala omeretsa tsitsi otchedwa minoxidil ali ndi umboni wokwanira kuposa iye. Kumwa khofi wambiri sikumeretsa tsitsi.

Koma malo amene mwatchulawo akundidetsa nkhawa. Tsitsi la amayi likamatha pachipumi ndi m'mbali, kawirikawiri gwero lake limakhala kuluka mothina, meshi yolemera kapena mankhwala owongolera tsitsi. Ngati mukachoka ku saluni mumamva mutu kukoka mpaka kulephera kugona bwino, kapena mumaona tiziphuphu m'mphepete mwa malukowo, dziwani kuti mizu ikuvulala, ndipo caffeine sangaichiritse pamene kukokako kukupitirira. Mizu ikafa n'kusiya chipsera, tsitsi silimeranso, ndiye chonde masulani msanga, mupumitse mutu kwa miyezi ingapo.

Likapitirira kuthothoka, pitani ku chipatala monga cha Kamuzu Central kuti akakuyezeni, poti kuchepa kwa magazi, matenda a chithokomiro, zipere ngakhalenso kubereka posachedwa zimathothola tsitsi, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi chithandizo chakechake.