Kuyankha asuweni pa nkhani ya llama

Asuweni, ndamva funso lanu loti kodi n'zoona kuti llama mwaiona pa Facebook ija imalavulira anthu. Imalavuladi, makamaka ikamalimbirana chakudya ndi inzake, ndipo ikapsa mtima kwambiri imabweza ndi zam'mimba zomwe, zobiriwira komanso zonunkha. Komatu ine ndimakudziwani, inu simufunsa za chiweto musanawerengere ndalama mumtima. Mukufuna mlonda wa mbuzi zija, si choncho?

Nyamayi kwawo ndi kumapiri ozizira a Andes, ku Peru ndi ku Bolivia, ndipo ndi m'bale wa ngamila ngakhale ilibe linunda. Anthu akumeneko anayamba kuiweta kalekale, ufumu wawo wamakedzana wa Inca usanakhazikike, pofuna ubweya, nyama, ndowe zosonkhera moto ndiponso yowasenzera katundu. Imasenza makilogalamu pafupifupi 30, kutanthauza kuti thumba limodzi la feteleza siingalithe, ndipo mukaichulukitsira imangogona pansi.

Dikirani kaye, mwawakumbukira amalume a ku Ntcheu ndi bulu wawo uja? Anamugula atagulitsa nyemba, ayi, inali mbatata ya kachewere, chaka chomwe azakhali anakana kupita kuchinkhoswe chija. Tsiku loyamba lomwe anamusenzetsa matumba awiri a feteleza, ndipo atafika pakhwawa bulu anaima nji. Amalume anamunyengerera, anamuopseza, mpaka anamuuza mtengo womwe anamugulira, koma iye ankangogwedeza makutu. Mapeto ake iwo anasenza thumba limodzi pamutu, bulu akuwatsatira pambuyo, ana a sukulu akuwombera m'manja kuchokera pakhwawapo mpaka kunyumba. Akanakhala kuti anagula llama, bwenzi atafika atalavulidwanso kumaso.

Tsono za ulondazo, n'zoona kuti ku America alimi ena amaika llama yamphongo imodzi yofula pakati pa nkhosa, ndipo imathamangitsa agalu ndi ankhandwe akumeneko otchedwa coyote, kuwaponda ndi kuwamenya mateche. Koma fisi si nkhandwe, asuweni, ndipo nyama yaubweya wochindikala chotero imavutika ndi kutentha, nanji kwa ku Balaka mwezi wa Okutobala. Ndalamayo mugulire mitengo ndi misomali, mumange khola lam'mwamba lolimba. Llama muisiye pa Facebook pomwepo, mukonze khola. Ndabwerezatu dala kuti alamu nawonso amve: mbuzi zija zikufunika khola, ndipo chitseko chake chikhale cha matabwa, osati lata lija mumatchingira ndi mwala.