Ndivomere ntchito ya WordPress kapena ndidikire kaye ndidziwe React?

Mwa maimelo a sabata ino muli ya wophunzira wa chaka chachiwiri ku koleji, akuti HTML ndi CSS akuzitha, JavaScript ndiye pang'onopang'ono, tsono kampani ina yaing'ono yamuitana kuti pa holide akawathandize kusamalira webusayiti yawo ya WordPress, pulogalamu yopangira ndi kuyendetsera mawebusayiti. Iye mtima uli pa React, chida cha JavaScript chopangira mapeji a webusayiti, poti ndi imene anzake akungoikamba, akuopa kutaya nthawi pa zinthu zakale, komanso akuti sanafikepo pogwira ntchito ya anthu. Avomere kapena ayi?

Vomerani basi, musachedwenso.

Ma tutorial a pa YouTube amakuyambitsani pa fayilo yopanda kanthu, inu nkumangotsatira zimene mphunzitsi akulemba mpaka zonse kutheka bwinobwino, koma ku ntchito sizikhala choncho ayi, kumeneko amakupatsani code yolembedwa ndi munthu amene anachoka kalekale osasiya ndi comment imodzi yomwe, nkukuuzani kuti batani ili pa foni silikudinika, likonzeni lero. Luso lowerenga code ya mnzako ndi limene mabwana amalipira, ndipo kosi siingakuphunzitseni. Makaniko nayenso amaphunzirira pa galimoto zakutha.

Za ukale wa WordPress musadandaule nazo. Inde inatuluka mu 2003 ndipo ndi ya PHP, koma mpaka pano mawebusayiti opitirira 40 pa 100 aliwonse akuyendera iyoyo, ndiye ntchito zake sizikutha mawa.

Tsiku loyamba musakhudze kalikonse musanapange backup, mafayilo onse ndi database ya MySQL yomwe, chifukwa zolemba za pa webusayiti zimakhala mu database osati m'mafayilo, ambiri amaiwala pamenepa. Kenako muikopere pa laputopu yanu muziyeserera pamenepo, osati pa imene makasitomala akuiona. Mukafuna kusintha maonekedwe pangani child theme, ka theme kanu kapadera kotengera maonekedwe a theme yeniyeniyo, mukakasintha theme yeniyeniyo tsiku la update zonse munalembazo zifufutika ndithu. Mudzapezanso CSS yodzadza ndi !important paliponse, wina ankalimbana ndi specificity (kupambanirana kwa malamulo a CSS) nkugonja, apa dinani F12 mutsegule DevTools muone lamulo limene likupambana linzake, mudzaimvetsa CSS kuposa momwe kalasi inakuphunzitsirani. Zina ndi zazing'ono koma zimachititsa manyazi kampani, domain kutha osailipira, certificate ya chitetezo ya Let's Encrypt yomwe imatha pa masiku 90 ngati siikudzikonzanso yokha, zithunzi zolemera zochedwetsa peji pomwe mukanangozichepetsa nkuzisandutsa WebP, mtundu wa zithunzi wopepuka.

Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse mwasintha mu code, ndiye ndikukakamizeni. Linus Torvalds anaipanga mu 2005 kuti aziyendetsera code ya Linux, lero pafupifupi kulikonse mungakalowe ntchito mukaipeza. Ngakhale akampaniwo asakuigwiritsa ntchito inu iyambitseni, commit yaing'ono iliyonse muzilemba chomwe mwasintha. Koma wp-config.php isakafike pa GitHub, webusayiti imene anthu amaikapo code yawo ya Git, chonde, muli pasiwedi ya database mmenemo.

Musanayambe mugwirizane polemba, ntchito yanu ndi iti, maola angati, malipiro bwanji. Popanda zimenezi amene anabwera kudzakonza webusayiti amapezeka akukonza printa ndi imelo ya abwana. Mupemphenso chilolezo choti mudzaonetse ntchitoyo pa portfolio yanu, mujambule mmene pejiyo inalili musanaikhudze ndi mmene yakhalira, mulembe vuto linali chani ndipo munalipeza bwanji. Kwa ine zimenezi zimalemera kuposa ka to-do app kamene aliyense ali nako.

ChatGPT muzifunsa, palibe cholakwika, bola musaike pa webusayiti ya anthu code yomwe simungaifotokoze mzere ndi mzere akakufunsani.

Nanga React yo? Facebook inaitulutsa mu 2013 ndipo ndi JavaScript yomweyo basi, ngati map, fetch ndi DOM zikukuvutanibe mudzangokhala mukukopera osamva kanthu, ndiye madzulo mukaweruka limbitsani kaye JavaScript pa MDN kapena freeCodeCamp, zonsezi nzaulere. Komanso editor ya WordPress ija amati Gutenberg, imene inabwera ndi version 5.0 mu 2018, inamangidwa ndi React, ndiye akadzakupemphani kuti muwapangire block (kachigawo ka peji) yawoyawo React yanu yoyamba mudzailembera konko, uku akukulipirani.