Kodi Starlink ingathandize pakhomo ndi m'boti momwe?

Funso: Ndimakhala ku Chinamwali ndipo ndili ndi boti la injini lonyamula anthu kuchokera pa Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi. Kodi ndigule Starlink kuti izindithandiza kunyumba komanso pa nyanja ya Chilwa? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Bambo, pa zakunyumba musapupulume. Ngati 4G ya TNM kapena Airtel imagwira bwino kwanuko, rauta wamba ikukwanirani pa mtengo wocheperapo. Starlink, intaneti yodzera pa masetilaiti yomwe idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023 italandira chiphaso ku MACRA, phindu lake limaoneka kumene netiweki ya foni imavuta.

Masetilaiti ake amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, ndipo saima malo amodzi. N'chifukwa chake dishi imafuna thambo lonse poyera. Ku Zomba kuno vuto lalikulu ndi mitengo ya mango, bulugamu ndi phiri lenilenilo. Musanalipire kanthu, ikani pulogalamu ya Starlink pafoni, muime pomwe mukufuna kuika dishi, mujambule kumwamba. Ikuuzani ngati pali chotchinga. Nthambi imodzi yokha imadula kanema wa WhatsApp mobwerezabwereza. Chimvula cha mu Januwale nachonso chimaifooketsa kwa kanthawi.

Chimene ambiri amaiwala ndi magetsi. Dishi yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, pomwe yaing'ono yotchedwa Mini imadya 25 mpaka 40. Batire wamba la 12V 100Ah, lomwe simuyenera kulitsitsa kupitirira theka, lingayendetse Mini maola pafupifupi 15, koma yaikulu maola 6 okha magetsi akathima.

M'boti muyenera Mini, ndipo mulipire pulani ya Roam, yoyenda nayo, chifukwa yapakhomo imamangidwa ku adiresi imodzi. Imangeni zolimba pamwamba pa denga, osati pansi pa malata. Ikani fyuzi pafupi ndi batire. Mini ikamazima n'kuyakanso yokha, kawirikawiri ndiye kuti waya ndi wautali kapena woonda, mphamvu ikuthera m'njira. Mufupikitseni kapena ikani kachipangizo kokweza 12V kufika 24V. Madzi a Chilwa ndi amchere, amadya polumikizira mawaya, choncho muzipukuta ndi kuumitsa tsiku lililonse.

Kunena zoona, ndalama za okwera zokha sizingabweze malipiro a mwezi ndi mwezi. Kumbukiraninso kuti dishi ikapita ku Kachulu, apakhomo atsala opanda intaneti.