Za ulendo wa ku Durban ndi ana opanda galimoto

Achimwene, mwafunsa m'gulu lino ngati mungapite ndi ana ku Durban opanda galimoto yanu. Ana pitani nawo ku Durban, palibe angakuletseni, ndipo masana kusowa galimoto si vuto ayi. Koma ndagwira mwendo wanu, munthu aliyense wolonjeza kuti adzakutengani madzulo ku bichi musamupatsiretu ndalama. Ndikulemba izi mtima ukugunda, chifukwa ndaona ena m'gulu lino akukuyankhani kuti n'zophweka, mukangopeza wa kwathu wa galimoto basi zatheka. Ifetu wa kwathu yemweyo ndi amene anatigwetsa m'mavuto, ndipo mpaka lero apongozi anga akamva dzina loti Durban amangopukusa mutu.

Tinanyamuka pa Park Station ku Johannesburg usiku, basi n'kutsika ndi msewu wa N3 kudzera ku Harrismith ndi Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 570, kukacha tili pa Durban Station. Tinalipo ine, mayi a kunyumba, ana athu awiri, ndi apongozi anga aakazi amene anali atabwera kuchokera ku Mangochi kudzaona adzukulu. Tinafikira kwa msuweni wa mayi a kunyumba cha ku Clare Estate. Iyeyo ndi mlonda, pa 26 Disembala anali pa ntchito, ndiye anatilumikiza ndi mkulu wina wa kwathu amene amanyamula anthu pa galimoto yake. Munthu wamkulu ndithu, wa imvi, wolankhula mwaulemu, apongozi kuwatchula kuti amayi, ana kuwagulira maswiti. Anati timupatse R600 ya kupita ndi kubwera yonse pamodzi kuti athire petulo, adzatitenga 6 koloko madzulo pamalo pomwe watitsitsa. Tinapereka.

Masanawo ndisaname, tinasangalala. Anatitsitsa cha ku South Beach, ife n'kuyenda wapansi mpaka ku uShaka Marine World, malo aja anatsegulidwa mu 2004. Nsomba amaziika m'nyumba yomangidwa ngati sitima yapamadzi yomwe inachita ngozi, umatsikira pansi n'kumaona mashaki akudutsa pamaso pako kuseri kwa galasi. Mwana wathu wamng'ono anakakamira pagalasipo osafuna kuchoka. Apongozi anakulira m'mbali mwa nyanja, madzi sawaopa, koma atalowa m'nyanja yamchereyo mpaka m'mawondo funde linawakokera mchenga kupansi kwa mapazi, anatuluka msangamsanga n'kunena kuti iyi si nyanja ya kwathu, iyi imakoka munthu. Tinadya bunny chow, buledi uja amamuboola pakati n'kuthiramo kare wa nyemba kapena nyama ya nkhosa, ana anajambulitsa ndi azibambo achizulu okoka ma rickshaw ovala zipewa zazikulu za mikanda ndi nyanga. Anthu anali pikitipikiti, poponda mwendo panalibe.

6 koloko yakwana tili pamalo paja. Munthu kulibe. Ndaimba foni, akuti ndili m'njira, msewu wa kugombe atseka. N'zoona kuti masiku a zikondwerero akuluakulu a mzinda amatseka misewu ina ya m'mbali mwa nyanja kuti magalimoto asachuluke, koma iyeyo wakhala ku Durban zaka zambiri, zimenezi ankazidziwa m'mawa muja pamene ankalandira ndalama zanga. Bwanji osatiuza malo ena oti tikakumane? Ndaimbanso, akuti dikirani pang'ono. Ndaimbanso, ikungolira. Kenako yazima. Dzuwa lalowa, mphepo ya kunyanja yayamba kuwomba, ana zovala zonyowa akunjenjemera, apongozi akhala pansi pa simenti miyendo itatupa chifukwa amadwala BP. Anthu akuchepa, mabanja akupita, otsala ndi anyamata a mabotolo m'manja. Foni ya mayi a kunyumba inali itatha moto ndi kujambula zithunzi, yanga yatsala pang'ono, msuweni uja sangachoke pa geti la abwana ake. Msuweniyo ndi amene anati yendani mulunjike msewu wa West Street mpaka ku Warwick, matakisi a ku Clare Estate mukawapeza kumeneko.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka: misewu ya Durban inasinthidwa mayina, koma anthu amatchulabe akale. West Street pachikwangwani palembedwa Dr Pixley KaSeme Street. Smith Street ndi Anton Lembede Street, Point Road ndi Mahatma Gandhi Road, Grey Street ndi Dr Yusuf Dadoo Street. Ife tikufuna West Street, zikwangwani zikunena zina, mdima wagwa, ndipo pofunsa chinenero chimakuulula kuti ndiwe mlendo.

Tinali tisanafike n'komwe ku City Hall. Masitolo onse atseka zitseko zachitsulo, magetsi a mumsewu ena akuyaka ena ayi. Ine ndinali nditanyamula wamng'ono paphewa atagona, dzanja linalo ndagwira foni kuti ndione mapu. Mayi a kunyumba agwira wamkulu, apongozi m'mbuyo pang'onopang'ono ndi chikwama chawo. Anyamata aja amawatchula kuti amaphara anatulukira pakhonde la sitolo, sindinawamve n'komwe kubwera. Mmodzi anandiima kutsogolo, wina kumbali n'kundigunda ndi chinthu chozizira m'nthiti, mpeni. Sanakuwe, anangoti foni, foni, motsitsa mawu. Ndili ndi mwana paphewa, ndikanatani? Anaitenga, n'kupisa m'matumba onse a buluku langa. Nditacheuka ndinaona wachitatu akukoka chikwama cha apongozi, iwo akukana, agwira lamba ndi manja awiri akukuwa kuti mayo ine, mayo ine, pasipoti yanga. Anawakankha. Mayi wachikulire, agogo a ana anga, anagwa chagada pamsewu, mutu kugunda m'mphepete mwa simenti, mpango kugwera uko, nsapato imodzi kulowa m'ngalande. Mwana wathu wamkulu, wa zaka zisanu ndi zitatu, anadzikodzera ali chiimire, osalira, kungoyang'ana agogo ake pansi. Nkhope ya mwana imeneyo sindidzaiwala. Magalimoto ankadutsa, anthu ankationa, panalibe woima. Anyamatawo sanathamange n'komwe, anangoyenda n'kukhotera m'kanjira ka pakati pa mafulati.

M'chikwamamo munali pasipoti, mankhwala a BP, magalasi a maso ndi kabuku kawo ka kuchipatala. Chomwe chinapulumuka ndi ndalama zomwe apongozi anamanga pa mfundo ya chitenje m'chiuno, monga amachitira azimayi a kwathu.

Amene anatithandiza ndi mayi wina wachizulu wogulitsa mikanda kugombe, ankabwerera kwawo akukankha katundu wake pa ngolo ya m'sitolo. Anaima, anawadzutsa apongozi, anawapukuta magazi ndi nsalu yake, n'kutiuza kuti tiyende pafupi naye. Anatiperekeza mtunda wonse mpaka ku Warwick, analankhula ndi dalaivala wa takisi yomaliza m'Chizulu, anthu m'takisimo anapanikizana kuti agogo akhale bwino. Dzina lake sitinalifunse. Munthu wosatidziwa, wa mtundu wina, anatichitira zomwe mbale wathu wolankhula chinenero chathu analephera.

Mkulu uja ndinamupeza mawa lake. Mukudziwa kuti anali kuti? Anapeza anthu ena omulipira zambiri opita ku Umhlanga, atabwerako anakakhala pa braai, pootcha nyama kwa anzake, n'kuzimitsa foni. Ndikumuuza kuti apongozi asokedwa m'mutu, iye akuti pepani achimwene, koma mukanangodikira. Tidikire mpaka liti, ndi ana, usiku? Ndalama anakana kubweza, akuti petulo anathira kale. Sanabwere n'komwe kudzawaona amayi amene ankawatchula kuti amayi anga dzulo lake. Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti pali basi ya mzinda yotchedwa People Mover imene imayenda m'mbali mwa gombe kuchokera ku uShaka mpaka cha ku Suncoast, malo a kasino ndi odyera, ina n'kumalowa m'tauni. Tikanakwera imeneyo dzuwa likadalipo, msewu uja sitikanauponda ndi mapazi. Iye ankaidziwa, sanatiuze dala kuti tidalire galimoto yake. Anthu otere alipo ambiri pakati pathu kuno ku Joni ndi ku Durban komwe, amadyera pa kusadziwa kwa mlendo, Lamulungu n'kumakhala kutsogolo m'tchalitchi. Masiku otsala a holide tinathera ku polisi kulemba afidaviti, kenako tabwerera ku Johannesburg kuyenda ku ofesi ya kazembe wa Malawi kufuna chikalata choti apongozi abwerere kumudzi. Ndalama zomwe tinasungira fizi ya Januwale zinathera pamenepo.

Tsono inu musaope, pitani. Komanso musapite osadziwa munthu, funani Mmalawi wokhala komweko kuti akuperekezeni tsiku loyamba, chifukwa nokha mudzasochera ndi mayina a misewu aja. Kungoti akhale munthu woyenda nanu limodzi, osati wokusiyani n'kulonjeza kubwera. Ngati thumba likulola, gonani kufupi ndi gombe, cha ku North Beach, kuti madzulo muzingoyenda pang'ono mwafika. Mafulati otchipa a ku South Beach ndi Point Road ine sindingakulimbikitseni ndi ana, ngakhale ndikudziwa kuti abale athu ambiri amakhala komweko ndipo amakhala bwinobwino.

Njira ya oyenda pansi ya m'mbali mwa nyanja ndi yaulere, ndi yotakata, pafupifupi makilomita 8 kuchokera ku Blue Lagoon pomwe mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja mpaka polowera sitima ku doko. Masana pamakhala apolisi, othamanga, a njinga, anyamata oumba zinthu ndi mchenga. Mukalunjika kumpoto mufika pa Moses Mabhida Stadium, bwalo lomwe anamangira World Cup ya 2010, lija lili ndi uta waukulu pamwamba. Ku uShaka kulowa koona nsomba ndi kosewera pamadzi n'kolipira ndipo si kotchipa pa banja lonse, koma mbali ya masitolo ndi malo odyera mumalowa ulere. Wina m'gulu lino wanena za Funworld, malo a masewera a ana kugombe, kumeneko kunatsekedwa mu 2023, musawalonjeze ana. Tsiku lina apititseni ku Botanic Gardens, munda wa mitengo womwe unayamba mu 1849, kuli mthunzi, udzu wokhalapo ndi mbalame, mutha kutenga chakudya chanu. Victoria Street Market ndi kogula zokometsera ndiwo, ndipo Asilamu anzathu mzikiti waukulu wa Juma uli pafupi pomwepo pa Grey Street. Koma konseko m'mawa, foni m'thumba la mkati.

Za kusamba mumvetsetse bwino. Sambani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pokha, pomwe pali opulumutsa anthu, akaimba wezulo tulukani osatsutsa. Mu Disembala 2022 funde lalikulu linakokolola anthu pa bichi ya Bay of Plenty, atatu anamwalira, masana dzuwa likuswa mtengo. Komanso chichokereni madzi osefukira a mu Epulo 2022, aja anapha anthu oposa 400 n'kuononga mapaipi a zonyansa, mabichi ena amatsekedwa kawirikawiri chifukwa cha tizilombo ta E. coli m'madzi. Khonsolo ya eThekwini, yoyang'anira mzinda wa Durban, imalengeza omwe ali otsegula, funsani m'mawa musanalowetse mwana. Masiku odzaza ngati pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale ana amawaveka kalamba padzanja kolembapo nambala ya kholo, musakane, ana amasowa ambiri tsiku limenelo. Mowa pamchenga ndi woletsedwa, amalanda.

Mayendedwe enieni a Durban ndi matakisi a minibasi, ndipo mtima wake ndi Warwick Junction, pomwe pamadutsa anthu pafupifupi theka la miliyoni tsiku lililonse, pali siteshoni ya sitima ya Berea, msika wa zitsamba, azimayi ophika mitu ya ng'ombe ndi chimanga. Ndi otchipa ndipo amafika kulikonse, koma renki iliyonse ili ndi malo ake, mufunse a mashali ovala zonyezimira aja. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono, ndalama imayenda kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, ndipo mukakhala mpando wa pambali pa dalaivala ndinu owerengera chenji. Kukada amachepa msanga, makamaka pa holide. Sitima za Metrorail musaziwerengere musanafunse ngati zikuyenda, njanji zambiri zinali zitaonongeka ndi akuba nthambo komanso madzi aja. Uber ndi Bolt ziliko, mitengo imakwera anthu akachuluka, koma sungani ndalama yake padera ndipo muitanire muli mkati mwa malo owala ngati pakhomo la hotela kapena pa Suncoast, osati pamsewu. Tengani power bank, foni imodzi isajambule chilichonse, ikhale ya pobwerera basi.

Mapasipoti ndinganene kuti siyani kunyumba muyende ndi mafotokope odindidwa ku polisi, koma mukudziwa nokha kuti apolisi akakuimitsani amafuna yeniyeni, ndiye ngati mwanyamula ikhale pathupi mkati mwa zovala, osati m'chikwama cha m'manja. Mankhwala a munthu wamkulu agaweni pawiri, ena atsale komwe mukugona. Ndipo 4 koloko ikamakwana yambani kupukuta ana mchenga, alire asalire, muzinyamuka dzuwa likadali pamwamba. Mukafuna kudziwa renki ya komwe mukafikire ndilembereni ku inbox, ndimufunsa msuweni uja akadali komweko.