Jakisoni wa pa ukhanda wapha impso za nkhumba zanu

Funso: Tiana ta nkhumba yanga tinayamba kutsekula m'mimba titangotha masiku atatu. Ndinatibaya gentamicin (mankhwala opha mabakiteriya) kwa sabata yathunthu ndipo tinachira. Pano tili ndi miyezi 5, koma titatu tapinimbira, tikumwa madzi kwambiri ndi kukodza pafupipafupi. Mankhwala a njoka za m'mimba ndapereka kawiri, sizikusintha. Ndibayenso?

Yankho: Bambo, jakisoniyo ikani pansi kaye. Sabata yathunthu pa kanthu ka masiku atatu! Simunanenenso zoti munatiyeza pa sikelo, ndiye kuti mulingo munkangoyerekeza ndi maso. Palibe za njoka apa, ndi impso izi.

Kamwana ka nkhumba kamabadwa impso zake zisanathe kupangika. Tisefa tating'onoting'ono tosefa magazi timapitiriza kupangika mpaka pafupifupi masabata atatu. Gentamicin, monganso neomycin ndi streptomycin, amaunjikana m'timachubu ta impso n'kutiwononga, makamaka thupi likauma chifukwa chotsekula m'mimba. Inu munabaya pa nthawi yeniyeni imeneyo. Kasefa kakafa sikameranso. Totsalato timasenza ntchito ya tinzake, ndipo nkhumba ikamakula katunduyo amakulanso, mpaka nato timatopa, kuchita zipsera, kufa kamodzikamodzi. N'chifukwa chake munkaona ngati zachira. Ludzu ndi mkodzo wambiri zimaonekera pamene magawo awiri mwa atatu a impso atha kale.

Ndaziona kangapo izi m'zaka zapitazi. Mlimi wina anapha nkhumba yotere, tinapeza impso zotuwa, zolimba, zokwinyika. Nayenso ankati ndi njoka.

Zitatuzo musazimane madzi, usana ndi usiku. Musazipatse mankhwala oletsa ululu monga diclofenac kapena flunixin, chifukwa amachepetsa magazi opita ku impso. Mankhwala ena opha mabakiteriya, oxytetracycline wochuluka ndi a gulu la sulfa, nawonso ayi. Itanani dokotala wa ziweto ayeze magazi ndi mkodzo, koma ndikuuzeni zoona, sizidzanenepa ngati zinzake, ndipo musazisunge ngati mbewu.

Ine mankhwala anga pa tiana totsekula ndi amodzi: madzi a gulukosi ndi mchere pang'ono, malo ofunda ndi ouma, ndiponso mkaka woyamba wa mayi tsiku lomwelo tabadwa. Gulukosi ndithu, osati shuga wamba, poti kamwana ka masiku ochepa sikatha kumugaya. Jakisoni abwere pokhapokha dokotala walamula, kamwanako katayezedwa komanso katamwa madzi okwanira.